Funsani Amalume: Tiisiye DStv tizingoonera za pa intaneti ndi eriyo?

Makalata a mwezi uno ochokera kwa Amalawi a kuno ku Joni ambiri afika pa nkhani imodzi, ya kanema m'nyumba. Ndasankhapo ochepa, ena ndawadula chifukwa anthu inu mukayamba kulemba mumayambira kwa agogo anu. Amene munafunsa za mapepala a pa Beitbridge dikirani mwezi wamawa.

FUNSO: Amalume, ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Bryanston koma ndimakhala ku Turffontein ndi mayi a kunyumba ndi ana atatu. Mwezi uliwonse ndimalipira DStv Compact pafupifupi R500, lendi yakwera, kumudzi ku Mangochi nako akudikira Mukuru pa 1 paliponse. Anzanga kuntchito akundiuza kuti ndine wotsalira, ndiisiye ndizionera Netflix ndi YouTube. Kodi ndi zoona kuti ndisunga ndalama kapena akungondinamiza? Bambo a ana atatu, Turffontein.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sakunama koma akukuuzani theka la nkhani. Afunseni kaye kuti intaneti imene amaonera Netflix yo amalipira ndani. Mupeza kuti wina amakhala kuseri kwa nyumba ya abwana ake ndipo WiFi ndi ya abwana, wina amakhala pa fulati yoti WiFi inalowa kale mu lendi. Munthu wotere Netflix kwa iye ndi yotchipa zedi. Inu amene mumagula bandulo pa foni nkhani yanu ndi ina.

Tiyeni tiwerengetse. A Netflix eni ake amanena kuti kuonera ola limodzi pa chithunzi wamba kumadya pafupifupi 1GB, pa HD mpaka 3GB, pa 4K mpaka 7GB. Nyumba ya ana atatu TV siyaka maola ochepera atatu pa tsiku, tisanamizane, ndiye maola 3 kuchulukitsa masiku 30 ndi maola 90, kutanthauza 90GB pa chithunzi chosawala kwenikweni, 270GB ngati mukufuna chowala bwino. Apo sitinawerengere Loweruka pamene ana ayamba makatuni 6 koloko m'mawa inu mukadali mtulo. Pitani mukafunse mtengo wa 90GB ya masana kwa Vodacom kapena MTN mudzandiuze ngati ikutsika kuposa Compact yanuyo. Ndipo samalani ndi mabandulo olembedwa manambala akuluakulu, nthawi zambiri theka lake ndi ya usiku, imayamba 12 koloko anthu onse atagona.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti m'nyumba mwanu muli intaneti yosatha, imene amati uncapped, kapena mulibe. Ngati ilipo kale ndipo mukuilipira chifukwa cha sukulu ya ana kapena ma video call a kumudzi, DStv yo mukhoza kuisiya lero lomwe, mwina kupatula nkhani ya mpira imene ndiyankhe m'munsimu. Ngati mulibe, kuika fibre (intaneti ya waya) kapena rauta ya 5G kukudyerani ndalama yofanana kapena yoposa imene mukuthawayo, kenako muonjezerepo Netflix pamwamba. Mwathawa R500 nkukalowa mu R700, kumudzi akudikirabe. Chabwino chake ndi chakuti intaneti imagwira ntchito zambiri, mafoni onse m'nyumba amasiya kugula data, ndiye muwerengere ndalama zonse zimene inu, mayi ndi mwana wamkulu mumataya pa mabandulo pamwezi, mwina mupeza kuti fibre mukuilipira kale osadziwa. M'madera ena muli fibre yolipiriratu ya Vumatel yopanda kontirakiti, mwezi umene mulibe ndalama mumangosiya. Musathamangire sipidi yaikulu, chithunzi cha HD chimangofuna 5Mbps, ndiye 20Mbps ikukwanirani nyumba yonse.

Koma ine malangizo anga kwa munthu amene cholinga chake ndi kusunga ndalama basi ndi Openview. Iyi ndi ya eMedia, eni ake a e.tv, inayamba mu 2013, mumagula dikoda kamodzi ndipo palibe cholipira pamwezi. Muli SABC 1, 2 ndi 3, e.tv, eExtra, eMovies, makatuni a ana pa eToonz, ndi ena. Imagwiritsa satelayiti yomweyo imene DStv ya kuno imagwiritsa, choncho dishi imene ili padenga panuyo simuichotsa, mumangozula waya kuseri kwa dikoda yakale nkulowetsa mu yatsopano. Ikakana kugwira, kawirikawiri vuto limakhala kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja, LNB, makamaka ngati munali ndi dikoda ya DStv ya Explora, apo itanani wodziwa adzakusinthireni, si ntchito yaikulu.

Musanapange chilichonse matani pepala pa fuliji sabata imodzi, aliyense akayatsa TV alembe tchanelo chimene waonera. Nyumba zambiri zimene ndimalowa kuno ku Joni anthu akulipira matchanelo oposa 100 koma rimoti imangozungulira pa anayi, ndipo atatu mwa anayiwo ndi aulere kwina.

FUNSO: Amalume ine ndili mu rumu imodzi ku Yeoville, landilodi wakaniza kukhoma dishi pakhoma. Eriyo ija timakoleka pa nsungwi kwathu ikugwirabe ntchito kuno? Mnyamata wa ku Ntcheu, Yeoville.

YANKHO: Ikugwira mphwanga, ndipo iwe uli pamalo abwino. Siginolo ya TV ya Johannesburg imachokera pa nsanja ya Sentech ku Brixton, yaitali mamita 237 ija imaoneka ukamapita ku Auckland Park. Anthu ambiri amalozetsa eriyo ku nsanja ya Hillbrow chifukwa ndi imene amaiona pawindo, koma ija ndi ya Telkom, ya matelefoni. Lozetsa kumadzulo, ku Brixton. Ku Yeoville, Berea, Mayfair, Fordsburg ngakhale ka eriyo ka m'nyumba kamagwira bola ukaike pawindo, osati kuseri kwa TV pansi pa shelefu pamene pali mapoto. Amene ali kutali ngati ku Diepsloot, Tembisa kapena Orange Farm afunika ya panja pa chitsulo chachitali.

Chimene uyang'ane ndi TV yakoyo. Dziko lino likuchoka pa siginolo yakale ya analogi kupita pa digito, mtundu wake amautcha DVB-T2. Tembenuza TV uone kuseri kapena pa katoni, ngati palembedwa DVB-T2 ungolowetsa eriyo, upite pa menyu usankhe kusaka matchanelo a digito, basi. Ngati palibe ugule kabokosi ka DVB-T2 kolumikiza pakati pa eriyo ndi TV. Nkhani yothimitsa analogi yakhala ikukokedwa zaka zambiri, tsiku limene maiko anagwirizana linali mu June 2015, boma la kuno linadzaikanso 31 March 2025 koma khoti la ku Pretoria linaimitsa a e.tv ndi mabungwe ena atakadandaula kuti anthu osauka ambiri atsala opanda TV. Ndiye usagule TV yachikale ya chimutu kumbuyo poti ndi yotchipa, tsiku lina idzangoti waa.

Digito ili ndi khalidwe lake. Analogi siginolo ikachepa chithunzi chimachita mchenga koma umaonabe kuti uyu ndi goloyi. Digito ikachepa chithunzi chimaduka timabokosi kenako chimaima kapena kuda bii. Ukaona choncho usamenye TV, suntha eriyo pang'onopang'ono uku ukuyang'ana mzere wa siginolo pa menyu, ukafika pabwino umate ndi tepi isasunthenso. Uziona SABC ndi e.tv popanda kulipira kalikonse pamwezi, ndipo mvula ya mabingu ya kuno ya mu December ija imene imadula DStv nkulemba uthenga pa sikirini, eriyo siivutitsa chimodzimodzi.

FUNSO: Zonse mukunenazi ndamva koma ine ndi wa Arsenal ndipo kuno ndimasapota Pirates kuyambira nthawi ya Gabadinho. Ndikasiya DStv mpira ndiuonera kuti? Angozo, Cosmo City.

YANKHO: Angozo, apa ndiye pamene a MultiChoice, eni ake a DStv, anatigwira pakhosi ndipo akudziwa. Ufulu woonetsa Premier League, Champions League ndi ligi ya kuno ya Betway Premiership uli ndi SuperSport, matchanelo a masewero a pa DStv. Netflix ilibe maligi amenewa, YouTube ikupatsani zigoli zokha masewero atatha. SABC imaonetsako masewero ena a ligi ya kuno ndi a Bafana Bafana, koma si onse, ndipo simusankha ndinu. Komanso dziwani kuti masewero amene SABC yagula kwa SuperSport nthawi zina amaoneka pa eriyo koma pa Openview atsekedwa, zinachitika mu 2023 pa World Cup ya rugby mpaka nkhani inakafika ku khoti. Choncho wokonda masewero amene wasankha Openview asataye eriyo, azikhala nazo zonse ziwiri.

Kwa inu ndinganene kuti musasiye, tsikani. Ngati muli pa Premium imene mu 2025 inafika pafupi R1,000 pamwezi koma chimene mumaonera ndi Arsenal ndi Pirates, Compact ikukwanirani, Premier League ndi ligi ya kuno zilimo. Champions League ndi imene imafuna Compact Plus. Ndipo ngati simuli pa kontirakiti palibe lamulo loti muzilipira miyezi 12 yonse, ligi ya ku England imatha mu May nkuyambanso mu August, June ndi July mukulipiriranji? Siyani, dikoda siwola. Palinso DStv Stream, matchanelo omwewo kudzera pa intaneti popanda dishi, yabwino kwa amene landilodi wawakaniza kukhoma, kungoti mpira wa pa intaneti umachedwa ndi masekondi angapo, aneba a dishi amayamba kukuwa chigoli inu mpira ukadali pakati pa bwalo. Ena izi zimawapweteka mtima kuposa ndalama.

Njira ina ndi imene tinakulira, kukaonera kwa anthu. Koma tinene zoona, kukaonera ku bala Loweruka lililonse mowa wake umaposa Compact.

Za Gabadinho Mhango mwandikumbutsa, zigoli 16 mu sizoni ya 2019/20 mpaka kugawana nsapato ya golide ndi Peter Shalulile, nthawi imene ija Mmalawi aliyense ku Joni anali wa Pirates ngakhale amene kwawo ndi a Chiefs.

FUNSO: Pali mkulu wina akugulitsa kabokosi akuti muli matchanelo masauzande, mpira wonse, mafilimu onse, ndizingomupatsa R150 pamwezi pa WhatsApp. Ndigule? Nabanda, Rosettenville.

YANKHO: Ayi achemwali. Chimenecho ndi chakuba, matchanelowo iye alibe nawo chilolezo. Mu 2024 apolisi pamodzi ndi a MultiChoice anagwira anthu angapo ogulitsa zoterezi, ndipo malamulo a kuno, Copyright Act ndi Cybercrimes Act ya 2020, sasekerera. Amene amasakidwa kwambiri ndi ogulitsa, koma ife alendo m'dziko la eni tili ndi zokwanira kale zotifunsa apolisi, tisaonjezere.

Ngakhale tiike lamulo pambali, malonda ake ndi oipa. Kabokosiko kamafunabe intaneti, ndiye data mulipirabe. Tsiku la mpira waukulu anthu onse akalowa nthawi imodzi chithunzi chimangozungulira, ndipo tsiku limene adzatsekedwe nambala ya mkuluyo idzasiya kupezeka, mudzakadandaula kwa ndani? Choopsa china timabokosi tina timabwera ndi mapulogalamu obisika, inu mwakalumikiza pa WiFi yomweyo imene foni yanu ya ku banki imagwiritsa. Ngati mwagula kale musalowetsemo imelo yanu yeniyeni kapena nambala ya khadi.

FUNSO: TV yanga si smart, ndinagula 2016 koma ikuwala bwinobwino. Mpaka ndigule ina kuti ndizionera YouTube? Mayi a mapasa, Tembisa.

YANKHO: Musagule mayi. Yang'anani kuseri ngati pali kabowo kolembedwa HDMI, TV ya 2016 ikhala nako. Mugule kabokosi kapena kandodo kolowetsa pamenepo, monga Xiaomi TV Box kapena Fire TV Stick ya Amazon, TV yasanduka smart. Pogula ya Android onetsetsani kuti ndi yovomerezeka ndi Google, pa katoni pazilembedwa Google TV kapena Android TV. Zotchipa zopanda dzina zija zodzaza m'mashopu a mtauni zambiri Netflix imakana kapena imaonetsa chithunzi chosawala, apu ya DStv nayo imakana.

Ndipo musathamangire kulipira. SABC+ ndi yaulere, muli matchanelo a SABC ndi mawailesi awo. eVOD ya e.tv ili ndi gawo laulere. YouTube ndi yaulere, kwaya zonse za kwathu zili mmenemo. Netflix mudzaiganizire pambuyo, ndipo ngati mulibe khadi la ku banki, poti ambiri a ife nkhani ya akaunti ndi yovuta, mavocha ake amagulitsa pa thilu m'masitolo akuluakulu, mumangolowetsa nambala. Ubwino wa vocha ndi woti ikatha yatha, palibe amene akudulani ndalama usiku. Mulipire imodzi pa nthawi, mwezi uno iyi, mukatopa nayo muisiye mutenge ina. Anthu amathawa DStv kenako nkupezeka ali ndi Netflix, Disney+ ndi Prime Video zonse pamodzi, kuphatikiza ndalama yake yabwerera pomwe paja.

Za kubwerekana pasiwedi ndi achibale a ku Pretoria iwalani, Netflix inayamba kutseka zimenezo mu 2023, DStv nayo inachepetsa mu 2022.

FUNSO: Amalume chimene ndimasowa ine ndi za kwathu, nkhani za Chichewa, maliro a anthu otchuka, Bullets ndi Manoma. Ndi dikoda iti imene ili ndi MBC ndi Zodiak? Tchona wa ku Nkhotakota, Mayfair.

YANKHO: Akulu, apa ndiye intaneti yapambana popanda mkangano. Openview ndi eriyo ndi za matchanelo a kuno. Koma MBC, Zodiak, Times ndi Mibawa onse amaulutsa zambiri pa Facebook ndi YouTube, nkhani za madzulo, misonkhano ya atolankhani, zochitika zikuluzikulu. Chisankho cha September 2025 ambiri kuno tinachitsatira choncho, pa foni, ena ali pa ntchito foni m'thumba kachingwe m'khutu. Ndi kabokosi ka HDMI kamene ndanena pamwambapa mukhoza kuziika pa TV yaikulu banja lonse nkumaonera limodzi, ana obadwira kuno amvereko Chichewa cha anthu ena osati cha makolo awo chokha chowakalipira.

Ngati data ndi yochepa mverani wailesi m'malo moonera. Mawu okha amadya pang'ono kwambiri, ola lathunthu silifika ngakhale 100MB, ndipo mpira wa kwathu kukoma kwake ndi owulutsa pa wailesi, chithunzi nthawi zambiri chimakhala cha kamera imodzi yogwedera. Pa Facebook ndi YouTube tsitsani chithunzi pa 360p kapena 480p, pa foni simuona kusiyana kwenikweni koma bandulo ikhalitsa. Mwayi wina ndi woti nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, nkhani za 7 koloko ndi 7 koloko yomweyo.

Ena amafunsa zobweretsa dikoda ya Kiliye Kiliye kapena GOtv kuchokera kumudzi pa basi. Musavutike, zimenezo zimagwira nsanja za ku Malawi, kuno zingokhala zokongoletsa pa shelefu. Chimodzimodzi kabokosi ka Openview musatumize kumudzi ngati mphatso, chilolezo chake ndi cha kuno.

FUNSO: Ndinatenga dikoda ya DStv pa kontirakiti ya miyezi 24, yatsala 9, ntchito yatha. Ndingosiya kulipira? Wodandaula, Randburg.

YANKHO: Pepani ndi za ntchitozo achimwene, koma kungosiya ayi. Amene amalipira mwezi ndi mwezi akhoza kungosiya, matchanelo amatsekedwa nkhani yathera pomwepo. Inu munasaina, mukangokhala chete ngongole izikwera, debit order izibwerera ku banki nkumakudulani chindapusa ulendo uliwonse, mapeto ake dzina lanu lidzaipa kwa obwereketsa ndalama. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakulolani kuthetsa kontirakiti yotere mutapereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, kampani ili ndi ufulu wokulipiritsani chindapusa koma chikhale choyenera, komanso ndalama yotsala ya dikodayo. Alembereni, musangoimba foni, ndipo sungani nambala imene akupatseni ndi uthenga uliwonse. Afunseni akuuzeni ndalama yonse yothetsera, muifanizire ndi ya miyezi 9 yotsalayo, nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa moti bola kupirira. Poti muli ku Randburg likulu la MultiChoice lili komweko, mukhoza kupita nokha ndi mapepala anu. Kampaniyi inagulidwa ndi Canal+ ya ku France mu 2025 koma kontirakiti yanu ikadali yomweyo.

FUNSO: Ndikasiya zonse nkumangoonera YouTube, TV licence ndiyenera kulipirabe? Nachisale, Alexandra.

YANKHO: Eya mayi. Lamulo limayang'ana kuti muli ndi TV yotha kugwira siginolo, kaya SABC mumaionera kaya ayi. Ndi R265 pachaka, laisensi imodzi nyumba yonse, ndipo m'masitolo akuluakulu sakugulitsani TV yatsopano popanda iyo. Amene amaonera pa foni kapena laputopu yokha iwo sizikuwakhudza.

Poti muli ku Alex ndionjezere ichi, magetsi akathima rauta nayo imathima, ndiye gulani ka UPS kakang'ono ka rauta, kamasunga WiFi maola angapo, TV ikhala yothima koma mafoni azigwirabe. Ndipo mvula ya mabingu ikayamba zulani pulagi ya TV ndi waya wa eriyo ya panja, mphezi za kuno zimaotcha dikoda ndi TV nthawi imodzi.

FUNSO: Amayi anga abwera kudzakhala nafe miyezi itatu, sadziwa Chingerezi, akufuna mapemphero ndi kwaya basi. Ndiwaikire chiyani? Mwana wawo, Kempton Park.

YANKHO: YouTube pa TV, koma ntchito muigwire ndinu. Rimoti ya smart TV imasokoneza akuluakulu, iwo anazolowera kudina 1, 2, 3, osati kusaka ndi timivi. Akonzereni mndandanda wa kwaya za mpingo wawo, kaya ndi a CCAP, a Katolika kapena a Seventh Day, wautali woti uziyenda wokha kuyambira m'mawa, muwaonetse mabatani awiri okha, loimitsa ndi lokweza mawu. Muwauzenso kuti zotsatsa malonda zikatulukira pakati pa nyimbo asadine kalikonse, zidutsa zokha, chifukwa akadina mudzabwera kuntchito mudzawapeza akuonera malonda a inshuwalansi mu Afrikaans. Lamulungu mipingo yambiri ya kwathu imaulutsa mapemphero pa Facebook, muwalumikizire musanatuluke, ndipo mdzukulu wamkulu mumuuze kuti rimoti ndi ya agogo mpaka 12 koloko.